Macheka pa mfuti ya msilikali: lamulo la America limalola, koma kodi n'koyenera?

M'mwezi wa Malichi 1963, sitolo ya Klein's Sporting Goods mumzinda wa Chicago inalandira kalata yoitanitsa mfuti. Woitanitsayo analemba dzina loti A. Hidell, napempha kuti katundu wake atumizidwe ku bokosi la positi ku Dallas. Mfutiyo inali Carcano ya asilikali a ku Italy, yopangidwa mu 1940, imodzi mwa zikwizikwi zomwe dzikolo linagulitsa nkhondo itatha. Mmisiri wa m'sitolomo anaiboola pamwamba n'kumangirirapo galasi loonera patali, ndipo mfuti ndi galasi lake mtengo unali madola 19.95 basi. Palibe anaona nkhope ya wogulayo. Pa 22 Novembala chaka chomwecho, malinga ndi zomwe inapeza Warren Commission, Lee Harvey Oswald anapha nayo Pulezidenti John F. Kennedy.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zaka zisanu m'mbuyomo, mu 1958, Kennedy yemweyo ali seneta wa Massachusetts anabweretsa ku nyumba ya malamulo bilu yoletsa kuitanitsa mfuti zotsala za asilikali a maiko akunja. Chomwe chinamudetsa nkhawa panthawiyo chinali malonda: mafakitale a mfuti a kwawo ankalira kuti mfuti zotchipazo zikuwalanda makasitomala. Biluyo sinadutse.

Kuyambira pamenepo mfuti yotsala ya nkhondo yakhala ndi malo akeake m'malamulo a America, ndipo mkangano wake sunathe. Alenje, amisiri a mfuti ndi osunga zinthu zakale amakokanakokana mpaka lero pa mafunso awiri. Loyamba: kodi munthu akagula mfuti ya msilikali, lamulo limamulola kuidula, kuiboola ndi kuisintha? Lachiwiri: ngakhale likumulola, kodi achite? Yankho la funso loyamba nthawi zambiri ndi inde, ngakhale muli misampha yoti n'kukulowetsa m'ndende. Pa lachiwiri ine ndaima poti ayi, ngati mfutiyo ikadali yathunthu monga inachokera kunkhondo.

Mmene zinasefukira

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, maiko anatsala ndi milumilu ya mfuti zomwe msilikali amakoka mpiringidzo ndi dzanja kuti alonge chipolopolo chatsopano. Mosin-Nagant ya ku Russia inapangidwa pafupifupi 37 miliyoni, Lee-Enfield ya Britain pafupifupi 17 miliyoni, ndipo Mauser K98k ya Germany inapitirira 14 miliyoni. Magulu a nkhondo anali atayamba kufuna mfuti zodzilonga zokha, choncho zakalezo zinangosanduka katundu wodzaza nyumba zosungiramo zida. Amalonda ngati Samuel Cummings, mwini kampani ya Interarms ku Alexandria m'chigawo cha Virginia, ankazigula nkhokwe yathunthu n'kuzikweza m'sitima. Ku America zinkagulitsidwa m'masitolo a zitsulo komanso kudzera pa positi, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi Winchester Model 70 yatsopano.

Taganizirani bambo wobwera kunkhondo, wa ana anayi, wogwira ntchito m'fakitale, amene akufuna nyama ya gwape pakhomo nyengo yozizira. Mfuti ya msilikali ndi yolimba ndipo imalasa, koma anaipangira ntchito ina. Ndi yaitali; Mosin-Nagant 91/30 imaposa mita imodzi ndi masentimita 20. Imalemera pafupifupi makilogalamu anayi. Thabwa lake limakuta mpope mpaka kukamwa kuti msilikali asapse manja, ndipo kumapeto kuli pomangirira mpeni. Mlenje woyenda tsiku lonse m'mapiri zonsezi kwa iye ndi mtolo chabe. Choncho ankadula thabwa lakutsogolo, kufupikitsa mpope, kupinda chogwirira cha mpiringidzo kuti chisagunde galasi, n'kuboola timabowo pamwamba. Ntchito imeneyi Achimereka amaitcha sporterizing.

Sikuti inayamba ndi osauka. Theodore Roosevelt anapita kukasaka ku East Africa mu 1909 atanyamula Springfield 1903 yomwe anaikonzetsa ngati ya alenje. Kampani ya Griffin & Howe, yomwe inatsegulidwa ku New York mu 1923, inatchuka chifukwa chomanga mfuti zokongola pa chitsulo cha Springfield yemweyo, ndipo imodzi mwa izo Ernest Hemingway anapita nayo ku Kenya ndi Tanganyika mu 1933. Ku Birmingham, kampani ya Parker-Hale inasandutsa ma Lee-Enfield ambirimbiri kukhala mfuti za alenje. Amene wagwirapo ntchito ya mmisiri weniweni wa nthawi imeneyo sanganyoze luso lake. Ndipo bambo wa ana anayi uja sindimuweruza. Kwa iye mfutiyo sinali mbiri, inali ndiwo.

Mizere yomwe lamulo linajambula

Munthu akagula Mauser kapena Lee-Enfield mololedwa, lamulo la boma lalikulu la America silimuletsa kusintha thendere, kupaka utoto, kuika galasi kapena kusintha mpope. Ndi katundu wake. Koma pali malire atatu omwe sasewera nawo.

Oyamba ndi kutalika. Lamulo la National Firearms Act la 1934, lomwe linabwera chifukwa cha zigawenga za nthawi ya Al Capone, linaika mfuti zofupikitsidwa m'gulu limodzi ndi mfuti zolavula zipolopolo mosadukiza. Kuyambira mu 1960 malire ake ndi awa: mpope usachepere mainchesi 16, omwe ndi masentimita pafupifupi 41, ndipo mfuti yonse ikadulidwa isachepere mainchesi 26. Wofuna kudula kupitirira apo ayenera kuyamba wapempha chilolezo ku ATF, nthambi ya boma yoona za mfuti, ndi kulembetsa mfutiyo. Kudula kaye n'kupempha pambuyo ndi mlandu wa zaka mpaka 10 m'ndende. Zoti nkhani ya mainchesiyi si yamasewera zinaoneka ku Ruby Ridge m'chigawo cha Idaho mu 1992, komwe mlandu woyamba ndi mfuti ziwiri za mbalame zofupikitsidwa unathera pa imfa za anthu atatu: wachitetezo wa boma, mnyamata wa zaka 14 ndi mayi ake.

Achiwiri ndi nambala. Kufufuta kapena kusintha nambala ya mfuti ndi mlandu, ngakhale kungopezeka ndi mfuti yotero. Apa ambiri anagwa osadziwa, chifukwa pofuna kuti chitsulo chiwale ankachipala mpaka nambala kuzimiririka, kapena ankaboola bowo la galasi pamwamba pa nambala penipeni. Achitatu ndi kusandutsa mfuti kuti izilavula zipolopolo mosadukiza. Chichokereni 19 Meyi 1986, munthu wamba saloledwa kupanga kapena kulembetsa mfuti yatsopano ya mtundu umenewu. A ATF amati mfuti ikabadwa yolavula imakhala yolavula mpaka kalekale, ngakhale uichotse mbali zina. N'chifukwa chake bungwe la Civilian Marksmanship Program, lomwe limagulitsa M1 Garand zotsala za asilikali a America kwa nzika zoyenerera kuchokera ku Anniston ku Alabama, siligulitsa M14, mfuti yomwe inalowa m'malo mwa Garand.

Malire atatu amenewa ndimagwirizana nawo kotheratu. Mfuti yaifupi imabisika m'jekete, yopanda nambala imasokoneza apolisi, ndipo yolavula imapha khamu. Aliyense angathe kumva chifukwa chake.

Kuwerenga zitsulo khumi

Nkhani imafika pozunguza mutu tikafika pa mfuti zodzilonga zokha zochokera kunja. Kennedy ataphedwa, kenako Martin Luther King ndi Robert Kennedy mu 1968, Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina Gun Control Act mu Okutobala chaka chomwecho. Lamuloli linathetsa kugulitsa mfuti kwa anthu wamba kudzera pa positi, linatseka khomo la mfuti zotsala za asilikali akunja, ndipo linati mfuti yolowa m'dziko izikhala yoyenera masewero kapena ulenje. Yemwe analimbikira lamuloli anali Seneta Thomas Dodd wa ku Connecticut, kwawo kwa Colt ndi Winchester, ndipo ambiri amaona kuti chitetezo cha anthu ndi chitetezo cha malonda zinayendera limodzi.

Mu 1984 Seneta Bob Dole anatsegulako khomolo pang'ono. Mfuti zotsala zinaloledwanso kulowa ngati zili m'gulu la zinthu zakale zoyenera kusungidwa, lomwe lamulo limalitcha curios and relics. Mfuti iliyonse yopitirira zaka 50 imalowa m'gululi. Wosunga zakale atha kutenga laisensi ya madola 30 ya zaka zitatu, yomulola kulandira mfuti zoterezi pakhomo pake kuchokera m'zigawo zina. Koma a ATF ananena poyera mu 1985 kuti mfuti ya msilikali imawerengedwa ngati yakale pokhapokha ili mmene asilikali ankaigwiritsira ntchito. Ukaidula, ukaiveka thendere la pulasitiki, yachoka m'gululo. Kwa Mauser zimenezi si mlandu. Mfutiyo imangosanduka mfuti wamba, yogulitsidwa motsata malamulo a mfuti wamba. Kwa SKS nkhani ndi ina.

SKS ndi mfuti ya ku Soviet Union yomwe Sergei Simonov anaipanga cha m'ma 1945. Imadzilonga yokha, ili ndi kabokosi ka zipolopolo khumi komatirira ku mfuti, ndipo mpeni wake umapindikira pansi pa mpope. China, Yugoslavia, Romania ndi Albania anapanganso zawo. Zinalowa ku America zochuluka zedi, makamaka za ku China, kufikira Pulezidenti Bill Clinton analetsa mfuti za kumeneko mu 1994. Poti zinali zotchipa, anyamata ankazigula n'kumaziveka thendere lopindika, chogwirira chonga cha pisitolo ndi kabokosi kochotseka ka zipolopolo 30, kuti zifanane ndi AK-47.

Koma pa 17 Januwale 1989 munthu wina anali atalowa pabwalo la sukulu ya pulayimale ku Stockton m'chigawo cha California ndi mfuti ya mtundu wa AK yopangidwa ku China, napha ana asanu a m'mabanja othawa nkhondo ku Cambodia ndi Vietnam. Boma la George Bush wamkulu linaletsa kuitanitsa mitundu 43 ya mfuti zotere. Amalonda anapeza njira yozemba: kuitanitsa zitsulo zake padera n'kudzazilumikiza ku America. Pofuna kutseka mpatawo, mu 1990 kunabwera ndime yotchuka ya 922(r), yoletsa kumanga ndi zitsulo zakunja mfuti yodzilonga yokha yomwe siloledwa kulowa m'dziko.

Kodi mfuti imakhala yakunja ikafika pati? A ATF analemba mndandanda wa zigawo 20: thupi la mfuti, mpope, mpiringidzo, chokhethemulira, nyundo yake, thendere, chogwirira ndi zina. Kabokosi ka zipolopolo pakokha kamawerengedwa zigawo zitatu. Mfuti ikakhala ndi zigawo zakunja zoposa 10 pa mndandandawo, woimangayo walakwa. Zikakhala 10 kapena kucheperapo, ndi mfuti ya ku America, palibe mlandu. Ndiye mwini SKS wofuna kuisintha amakhala pansi ndi pensulo kuwerenga zitsulo, n'kugula zina zopangidwa ku America kuti chiwerengero chitsike.

Apa pokha lamulo ndikuliona lofooka. Mfuti ya zigawo zakunja 11 ndi inzake ya zigawo 10 zimaomba chipolopolo chimodzimodzi, liwiro limodzimodzi. Mwana wa ku Stockton sakanapulumuka chifukwa choti chokhethemulira chinasulidwa ku Ohio. Ndimeyi imateteza fakitale ya zitsulo kuposa mmene imatetezera munthu. Ngati aphungu ankaopa mfuti yodzilonga ya zipolopolo zambiri, akanalimba mtima n'kulemba za mfutiyo. Anayesa mu 1994, koma lamulo limenelo linatha mphamvu mu 2004, pomwe kuwerenga zitsulo kudakalipo. Komabe kufooka kwa lamulo sikupulumutsa woliphwanya, ndipo pamwamba pake pali malamulo a zigawo. Ku California, SKS yokhala ndi kabokosi kochotseka ili pa mndandanda wa mfuti zoletsedwa kuyambira 1989, kaya zitsulo zake zinasulidwa kuti.

Chitsulo chokalamba

Pali woweruza wina amene samva apilo, ndiye chitsulo chenichenicho. Ma Springfield 1903 oyambirira, a nambala zosafika 800,000 ochokera ku Springfield Armory ndi zosafika 285,507 ochokera ku Rock Island Arsenal, anawotchedwa m'ng'anjo zomwe amisiri ankayeza kutentha ndi maso. Ena anapsa mopitirira, chitsulo n'kukhala chosachedwa kusweka ngati galasi, ndipo anaphulikira asilikali kumaso. Njira yowotchera inasinthidwa mu 1918, koma mfuti zakalezo zidakalipo, zambiri zitavekedwa thendere lokongola la alenje. Bungwe la Civilian Marksmanship Program limalangiza kuti zisaombedwe.

Ngozi zina amadzipangira munthu. Kutenthetsa chogwirira cha mpiringidzo mosasamala kumafewetsa mano omwe amagwira mphamvu ya onga. Kuboola bowo mozama kumafooketsa pamene chipolopolo chimaphulikira. Kukulitsa mfuti ya m'ma 1890 kuti izilandira chipolopolo champhamvu cha masiku ano ndi kuisenzetsa katundu yemwe sinapangidwire. Ndipo mpata wa pakati pa mpiringidzo ndi chipolopolo ukakula ngakhale pang'ono, mpweya wamoto umabwerera kwa woombayo. Ku Britain, mfuti yosinthidwa kwambiri pa zigawo zolandira mphamvu ya onga sigulitsidwa isanayesedwenso ku nyumba zoyesera mfuti za ku London kapena Birmingham. Ku America lamulo lotere kulibe. Wogula mfuti yodulidwa kale amagula pamodzi ndi zolakwa za mmisiri yemwe sanamuonepo.

Zomwe zimapita ndi utuchi

Chifukwa chachuma chodulira mfuti chomwe chinalipo mu 1955 chinatha. Lero Savage Axis kapena Ruger American yatsopano imabwera yopepuka, yoboola kale malo a galasi, yolasa bwino kuposa mfuti zambiri zankhondo, ndipo kawirikawiri mtengo wake sufika pa ndalama zogulira Mauser yathunthu kuphatikizapo malipiro a mmisiri. Mosin-Nagant yomwe inkagulidwa pa madola osafika 100 m'zaka za m'ma 2000 inakwera mtengo kangapo, chifukwa nkhokwe zinauma. Wodula yathunthu amalipira kuti katundu wake atsike mtengo. Osunga zakale ali ndi dzina lonyoza la munthu wotero, amamutcha Bubba, koma kunyoza sikunasinthepo maganizo a mlenje aliyense. Chofunika n'kumuonetsa chomwe chili m'manja mwakemo.

Mfuti ya msilikali ndi kalata yolembedwa pa chitsulo ndi pa thabwa. Pa Mauser, zilembo byf zimanena kuti inapangidwa ku Oberndorf, pomwe bnz ndi fakitale ya Steyr ku Austria, yomwe inkagwiritsa ntchito akaidi a m'misasa ya Mauthausen ndi Gusen. Wopala zilembo zimenezo kuti chitsulo chiwale wafufuta umboni wa anthu amene anavutika popanga mfutiyo. Mosin yokhala ndi zilembo SA m'kabokosi inadutsa m'manja mwa asilikali a Finland, ndipo zambiri zinalandidwa kwa asilikali a Soviet Union. Pa Arisaka ya ku Japan pamakhala duwa la mfumu, ndipo pa zambiri linapalidwa dziko litagonja mu 1945. Kukhalapo kapena kusowa kwa duwalo kumafotokoza njira yomwe mfutiyo inayenda. Lee-Enfield ina inapangidwa ndi Savage ku Massachusetts n'kudindidwa kuti ndi katundu wa boma la America, kenako n'kubwerekedwa kwa Britain. Ina inachokera ku Long Branch ku Canada, ina ku Lithgow ku Australia, ina ku Ishapore ku India.

Lee-Enfield imeneyi si yachilendo kwa ife. Ndi 303 yomwe azigogo athu a King's African Rifles ananyamula m'nkhondo ziwiri zija, kuchokera ku Nyasaland mpaka ku Abyssinia, Madagascar ndi m'nkhalango za Burma. Chipilala cha ku Zomba chimatikumbutsa za amene anapita osabwerera, koma kulemera kwa mfuti yomwe inawatupitsa phewa munthu amakumva ataigwira yathunthu, ndi thabwa lake lonse, ndi zipsera zake. Ambiri mwa asilikali amenewo sanasiye kalata kapena chithunzi. Chida chawo ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zotsala zomwe zinadutsa m'manja onga awo.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zomwe sindingazikankhire pambali. Yoyamba: maboma enieniwo ankasintha mfutizi. Norway inasintha ma Mauser osiyidwa ndi Ajeremani kuti aziomba chipolopolo cha ku America, Israel inachita chimodzimodzi ndi chipolopolo cha NATO, ndipo Finland inamanga M39 yake yotchuka pa zitsulo za Mosin za ku Russia. N'zoona. Koma kusintha kumeneko kunachitika mfuti ikadali pa ntchito ya usilikali, ndipo kunaonjezera tsamba pa mbiri yake. Yachiwiri: mfuti yomwe agogo anaidula mu 1958 n'kudyetsa nayo banja zaka makumi atatu nayonso ndi mbiri. Apanso ndikuvomera, ndipo mdzukulu aisunge mmene iliri, asachite nayo manyazi.

Koma mfundo ziwirizi zikunena za zomwe zinachitika kale. Sizipereka chifukwa chotengera macheka lero. Thendere lodulidwa silimeranso, ndipo bowo la pa chitsulo ngakhale ulitseke chipsera chimaoneka. Komanso zoti mfuti yathunthu singasake n'zabodza. A Canadian Rangers, omwe ambiri ndi a mitundu ya Inuit ndi eni nthaka ena a kumpoto kozizira kwa Canada, anayenda ndi Lee-Enfield No. 4 kuyambira 1947 kwa zaka pafupifupi 70, m'chipale momwe mfuti zina zimakana kuomba. Mlenje amene maso ake afooka atha kupeza chomangira galasi chosafuna kuboola, ndipo wofuna thendere lopepuka atha kuchotsa lakale n'kulisunga bwino, bola ngati mfuti yake si ya m'gulu lija lowerengedwa zitsulo.

Wofunitsitsa kuphunzira umisiri kapena kumanga mfuti yakeyake ali ndi poyambira. M'masitolo a mfuti zogwiritsidwa kale ntchito ku America muli ma Mauser, ma Enfield ndi ma Springfield osawerengeka omwe anadulidwa zaka 60 zapitazo, otchipa, osowa mwini. Atenge imodzi mwa imeneyo, apite nayo kwa mmisiri wodziwa kuti ayeze chitsulo, asunge mainchesi 16 ndi nambala, afunsenso lamulo la chigawo chake.

Inu owerenga a kuno kwathu, zonsezi ndi malamulo a America, ndipo sakhudza Malawi, Zambia kapena Mozambique. Kuno mfuti iliyonse imafuna chiphaso cha boma, ndipo yankhondo yopezeka m'munda, m'denga kapena m'katundu wa malemu siyofunika kuikonza kapena kuibisa, kauzeni apolisi. Koma kwa abale athu okhala ku America amene lamulo lawalola kugula mfuti yotsala ya nkhondo, pempho langa ndi ili: ngati yafika kwa inu yathunthu, ipukuteni, ipakeni mafuta, muisunge potsekeka kutali ndi ana, ndipo musaidule.